Anamusiyitsa Chimphona

Anakumana masana a tsiku lina la ntchito, m'chipinda cha magemu cha bambo wina amene aliyense ankamutcha Amalume, kuseri kwa shopu ya mafoni.

Mtsikanayo anthu ankangomutchula kuti Telala, chifukwa ankasoka zovala pa shopu ya mkulu wake kutsidya kwa msewu. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, iye ankawoloka msewu, tiulusi tili mbwee pa siketi, n'kukakhala pa benchi ya Amalume. Masana m'chipindamo munkakhala zii. Anyamata ankabwera akaweruka, ndiye ambiri sankadziwa n'komwe kuti kuli mtsikana amene amamenya gemu ya nkhonya.

Gemuyo ndi yosavuta kuimva. Anthu awiri amakhala pa sikirini imodzi, aliyense ndi kontirola yake. Aliyense amasankha womenya mmodzi mwa omenya a mu gemumo, kenako n'kuswana mpaka mzere wa moyo wa wina utatha. Omenyawo ali ndi mayina awo, koma ndi opinda lilime, choncho kwa Amalume anawapatsa ena. Panali Nyalugwe, waliwiro ndi waukali. Panali Namzeze, kamtsikana kopepuka kongokhalira kudumpha. Ndiye panali Chimphona, chibambo cha mimba, choyenda ngati chasenza thumba la simenti. Chimphona sathamanga ndipo kudumpha kwake n'komvetsa chisoni, koma akakugwira amakumenyetsa pansi, theka la moyo n'kupita.

Palibe amene ankamufuna Chimphona kupatula Telala.

Tsiku limenelo kunatulukira mnyamata wina wometa tsitsi pa kona, amene anzake ankamutcha Mphezi chifukwa cha liwiro la zala zake. Mashini ake ometera anali atapsa, ndiye anasowa chochita. Kwa Amalume iyeyu ndiye anali katswiri, ndipo ankayenda moonetsa kuti akudziwa zimenezo.

Anaima kumbuyo kwa Telala n'kuyang'ana sikirini.

"Asisi, munthu mwasankhayo akuchedwetsani," anatero. "Pomafika pakati pa sikirini, nthawi ya nkhomaliro ikhala itatha."

"Khalani pansi, achimwene, muone ngati safika."

Mphezi anaseka, anakhala, anasankha Nyalugwe wake. Anayamba ndi moto, zibakera ndi mateche zikungogwa ngati matalala. Telala sanabweze. Ankangotchinga, akusendera pang'onopang'ono, maso ali pa Nyalugwe. Sipanatenge nthawi kuti aone chizolowezi cha mnyamatayo: akagwa pansi, ankadzuka ndi chibakera nthawi zonse, osayamba waona kuti mnzake waima pati. Telala anamugwetsa kamodzi, anadikira chibakera chija, anachitchinga, kenako Chimphona anatambasula manja.

Nyalugwe anamenyetsedwa pansi, moyo wake n'kutha.

"Timenyenso," anatero Mphezi.

Anamenyanso, zinatha chimodzimodzi. Anamenyanso kangapo, mpaka Amalume anasiya kupukuta mabenchi n'kubwera kudzaonerera, nsanza ili m'manja. Pamapeto pake Mphezi anaika kontirola pansi n'kumuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Kenako anamwetulira, ndipo tisabise, mnyamatayo ankadziwa kumwetulira.

"Mwandipha, asisi. Ndiye mundipatse nambala yanu, abale anga adziwe kokadandaula."

Telala anali atafunsiridwapo ndi anyamata angapo, ena pa depoti ya basi, ena akuyezedwa thalauza. Koma anali asanafunsiridwepo ndi munthu woti iye wangomuswa kumene, amene m'malo mopsa mtima akuseka. Anamupatsa nambala.

Asanamalize kuwoloka msewu, foni inalira.

"Chigawenga changa, wafika bwino? Msana ukupwetekabe."

M'mawa mwake unabwera uthenga wina: "Wadzuka bwanji, duwa langa? Lero ndadula kasitomala khutu chifukwa choganiza za iwe. Pang'ono pokha, usadandaule."

Mkuja wake anatulukira pa shopu ndi malaya oti asokedwe batani. Mkulu wake wa Telala anawalandira, anayang'ana pamene panali batanipo, anayang'ananso mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Batani ili silinaduke lokha," anatero mnyamatayo atachoka. "Ladulidwa ndi sizasi, komanso sizasi yake ndi ya wometa. Kodi amenewa ndiwo alamu athu?"

"Achemwali, inunso."

"Ndangofunsa. Soka wekha, ine za mabatani a chikondi sindikhudza."

Sipanapite nthawi, Telala anagwa m'chikondi, ndipo anagwa chagada. Mphezi ankamuperekeza ku depoti tsiku lililonse atamunyamulira chikwama. Ankamutcha switi, wapamtima, mfumukazi ya mabatani. Basi ikabwera ankamuuza kuti adikire ina, inanso ikabwera ankati yadzaza, pamene muli mipando yoonekeratu. Telala ankafika kunyumba mochedwa, akumwetulira yekha ngati wotola chikwama. Nanga mtsikana wanji amene sangakopeke?

Kenako kunabwera nkhani ya mpikisano. Amalume ndiwo anailengeza, ataima pa benchi ngati wandale. Kampani ina ya mafoni inali kupanga timu ya osewera magemu, ndipo m'tauni yawo inkafuna munthu mmodzi yekha, wopambana pa mpikisano wa gemu ya nkhonya. Munthuyo akalembedwa ntchito, azikaphunzitsidwa, aziyenda ndi timu kukamenya kutali.

Telala atamva, mtima unamugunda mpaka m'makutu. Kusoka sankadana nako. Koma mashini anali a mkulu wake, shopu inali ya mkulu wake, ngakhale dzina limene anthu ankamuitanira linali la ntchito ya pa shopupo. Chinthu chake chenicheni, chimene anadziphunzitsa yekha popanda womugwira dzanja, chinali gemu. Malo a mu timuwo anawafuna ndi mtima wake wonse.

Anamuuza Mphezi madzulo omwewo ali pa depoti.

"Ndilembetsa, wapamtima."

"Ulembetse, switi. Inenso ndilembetsa." Mphezi anatulutsa foni. "Koma taona izi."

Anamuonetsa mavidiyo a akatswiri akuluakulu a gemuyo, akumenya m'maholo odzaza ndi anthu. Anasintha vidiyo, anasinthanso ina.

"Wamuonapo Chimphona apa?"

"Ayi."

"Palibe amamusankha, duwa langa. Ndi wofooka. Kwa Amalume umatimenya chifukwa ndife mbuli, koma ku mpikisano kubwera anthu odziwa. Chimphona wakoyo akamupanga chidole asanaponde n'komwe pakati."

"Komatu iweyo ndimakumenya naye."

"Ine ndimasokonezeka ndi nkhope yako, usandiwerengere." Anamugwira dzanja n'kuyamba kumuwerenga zala. "Zala izi ndi zofulumira, ukuziwononga pa chinkhalamba chija. Tenga Namzeze. Ndikuphunzitsa ndekha, chilichonse chimene ndikudziwa."

"Nanga tikakumana ife awiri?"

"Kaya upambane iwe, kaya ine, chikho chilowa m'nyumba imodzi."

"Nyumba yake iti?"

"Yathu. Mpikisano ukangotha, ndikuveka mphete. Ndikulonjeza, Mulungu akundimva."

Basi inabwera ndipo inapita, Telala osaiona n'komwe. M'mawa mwake anasankha Namzeze.

Kunena chilungamo, Mphezi anali mphunzitsi wabwino. Ankatseka kometera masana n'kubwera kwa Amalume. Anayamba ndi kumuphunzitsa kombo, kutanthauza nkhonya zingapo zotsatizana zimene mdani sangazidule zikangoyamba. Anayamba ndi yaifupi, n'kumuuza kuti aibwereze ali kumanzere kwa sikirini mpaka aithe, kenako aiyambirenso ali kumanja, poti mabatani amatembenuka. Akalakwitsa sankamukalipira. Ankangomupsompsona pachipumi n'kunena kuti, "Bwerezanso, mfumukazi."

Phunziro lalikulu linali limodzi.

"Moyo wa Namzeze uli m'mwamba," ankatero. "Ukapanikizidwa pakona usaime, usatchinge. Dumpha. Usadikire kuti mutu uganize, chala chizidumpha chokha."

Telala anadumpha. Anadumpha mpaka chala chachikulu chinatuluka thuza, thuza linaphulika, panamera khungu lolimba loti singano ya pa shopu inkalephera kuboola. Anayamba kubwera ndi madzulo omwe kudzamenya ndi anyamata. Poyamba ankamuswa, kenako anayamba kuwaswa mmodzimmodzi, mpaka ena akamuona akulowa ankakumbukira mwadzidzidzi kuti atumidwa kunyumba.

Mphezi yekha ndiye amene Telala sanathenso kumumenya. Nyalugwe ali ndi chikhadabo chokwapula m'mwamba, ndipo Namzeze akangodumpha ankakumana nacho. Telala sanadabwe nazo. Nanga si mphunzitsi wake? Wophunzira angamenye bwanji amene akumuphunzitsa?

Tsiku lina Amalume akusintha mabatire a kontirola anafunsa, osamuyang'ana:

"Mwana wanga, Chimphona anakulakwira chiyani?"

"Ndi wofooka, Amalume. Akatswiri samusankha."

"Oho. Ine ndinkaona ngati ankagwetsa anthu."

Mawu amenewo anamukhala pamtima. M'mawa mwake, Mphezi asanafike, anasuntha kontirola n'kusankha Chimphona, kungoti amuone. Chibambo chija chinatulukira pa sikirini chikusisita mimba yake, ndipo Telala anaseka ngati wakumana ndi m'bale wake pamsika. Asanamenye n'komwe raundi imodzi, anamva munthu ataima kumbuyo.

"Ndiye nthawi yanga yonseyi ndikungotaya?" anatero Mphezi, mawu ali otsika. "Ndimatseka kometera, makasitomala akubwerera pakhomo, kuti iwe uzichita izi?"

"Ndimangomuona, wapamtima."

"Muone. Ine ndapita."

Tsiku limenelo sanamuperekeze ku depoti. Uthenga sunabwere madzulo, sunabwerenso m'mawa. Telala ankangoyang'ana foni, mpaka anasoka zipi mozondoka pa siketi ya mwana wasukulu.

"Mwamuna wochitira nsanje chidole cha pa sikirini ndiye sindinamuonepo," anatero mkulu wake akusomola ulusi. "Amuna anga amandichitira nsanje ndi kondakitala, zimenezo ndimazimva. Koma chidole?"

"Simukumvetsa, achemwali. Akundifunira zabwino."

Analemba uthenga: "Pepa, wapamtima. Sindidzabwerezanso."

Yankho linabwera nthawi yomweyo, ngati linali kudikira pakhomo: "Ndiwe moyo wanga, switi. Ndikungofuna upambane, basi."

Telala anagona mtima uli m'malo.

Mpikisano unachitika Loweruka masana, mu holo ya pamwamba pa sitolo yaikulu. Panali sikirini yaikulu pakhoma, mipando ya pulasitiki, ndi mafani ongozunguza mpweya wotentha. Mkulu wake wa Telala anatseka shopu n'kubwera atatchena ngati akupita ku ukwati. Amalume anakhala kutsogolo ndi botolo la madzi.

Woyendetsa mpikisano, bambo wa tisheti ya kampani, anafotokoza malamulo pa maikolofoni. Lalikulu linali ili: munthu akaluza gemu ali ndi ufulu wosintha womenya wake, koma amene wapambana sasintha, amakhalabe ndi yemweyo.

Telala anamenya bwino. Namzeze wake ankauluka, ndipo anyamata ochokera m'madera ena, amene anabwera akuseka kuti akumana ndi mtsikana, ankachoka pampando akukanda mutu. Mkulu wake sankamva chilichonse cha gemuyo, koma ankakuwa kuposa onse. Mbali inayo Mphezi ankangosesa. Dzuwa likupendeka, anatsala awiri okha, iye ndi Mphezi. Woyamba kupambana magemu atatu ndiye amatenga malo a mu timu.

Anakhala pa mipando yoyandikana, mawondo atatsala pang'ono kugundana. Mphezi anamutsinzinira diso.

"Nyumba imodzi, switi."

"Nyumba imodzi."

Gemu yoyamba, Namzeze anadumpha n'kukumana ndi chikhadabo. Gemu yachiwiri anayesa kudumpha mochedwerako, anakumana nachobe. Mphezi ankadziwa kudumpha kulikonse kusanachitike, poti anakuphunzitsa ndi iye. Mnyamatayo anangotsala ndi gemu imodzi kuti apambane.

Sikirini inabwerera pamalo osankhira, nkhope za omenya zili ndandanda. Telala anali atatopa, ndipo sankaganiza zosintha. Ankangosuntha kabokosi kosankhira uku ndi uku kuti zala zipume. Kabokosiko kanadutsa pa Nyalugwe, kanadutsa pa ena, kenako kanaima pa nkhope yonenepa ya Chimphona. Anakasiya pamenepo kanthawi, monga mmene munthu amaimira pa chithunzi chakale.

Anamva dzanja likumugwira pamkono. Linali lozizira, lonyowa ndi thukuta. Mphezi ankamwetulirabe, maso ali kwa anthu, koma ankalankhula kudzera m'mano.

"Switi, usatero."

"Bwanji?"

"Chonde. Usandichite zimenezi pano."

"Koma ndi wofooka, si choncho? Ndikamusankha upambana msanga."

"Usachite nthabwala. Ukudziwa kuti ameneyo sindimutha."

Telala anamuyang'ana. Ayi, sankadziwa. Akanadziwa bwanji? Munthu yemweyu ndi amene anamuonetsa mavidiyo pa depoti, amene anati amaluza chifukwa cha nkhope yake, amene anakwiya tsiku lathunthu chifukwa chongomuona Chimphona pa sikirini. Mu holo monse munali phokoso, koma iye ankangomva mtima wake.

"Unadziwa liti kuti sumutha?"

Mphezi anazindikira zimene wanena, koma mawu anali atatuluka kale.

"Tikambirana tikatuluka, duwa langa."

"Ndakufunsa kuti unadziwa liti."

"Tsiku loyamba lija. Koma tamvera..."

"Ndi za mpikisano unali utazimva kale?"

Mphezi anayang'ana pansi.

"Mphekesera chabe."

Telala anachotsa dzanja lija pamkono pake, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa ulusi pa nsalu ya kasitomala. Mtima unamupweteka kwenikweni, ululu womveka pachifuwa. Woyendetsa mpikisano anawerama n'kufunsa ngati akusintha kapena ayi.

"Ndikusintha," anatero, n'kudina batani.

Chimphona atatulukira pa sikirini yaikulu, anthu anaseka. Amalume okha ndiwo anaika botolo pansi n'kukhala bwino.

Poyamba manja anali olimba ngati a munthu wina. Chimphona ankaoneka wochedwa kuposa mmene ankamukumbukira, ndipo anadya nkhonya zambiri. Koma Telala anatchinga, anasendera, anadikira. Atamugwetsa Nyalugwe kamodzi, anaima pafupi n'kuyang'ana. Nyalugwe anadzuka ndi chibakera, chomwe chija cha tsiku loyamba. Miyezi yonse ija Mphezi anali kalikiliki kukonza Telala, chizolowezi chake chomwe osachikonza. Chimphona anatchinga, anatambasula manja, anamumenyetsa pansi.

Telala anatenga gemu imeneyo. Mphezi tsopano anali ndi ufulu wosintha, koma akanasintha kupita kwa ndani? Ankangodziwa Nyalugwe. Telala anatenganso yotsatira, ndipo anthu anasiya kuseka. Mkulu wake anali ataimirira pampando, nsapato zili m'manja.

Gemu yomaliza inafika pa raundi yomaliza. Onse awiri moyo unali utatsala kachidutswa, koti nkhonya imodzi yabwino ikanamaliza nkhani. Mphezi anabwera ndi ukali wa munthu wothedwa nzeru n'kumukankhira Chimphona pakona. Telala ankadziwa chochita, ndipo ankachidziwa bwino lomwe: kuima, kutchinga, kudikira kuti nkhonya zithe, kenako kugwira. Anali atachita zimenezo kosawerengeka. Mutu wake unati tchinga.

Chala chinadumpha.

Chimphona ananyamuka ndi chimimba chake, kudumpha kwake komvetsa chisoni kuja, ndipo chikhadabo cha Nyalugwe chinamupeza m'mwamba. Mzere wa moyo unatha.

Holo inaphulika ndi phokoso. Anzake a Mphezi anamunyamula m'mwamba, bambo wa kampani akumuveka tisheti ya timu. Telala anakhalabe pampando akuyang'ana chala chake. Palibe amene anamubera batani, palibe amene anamugwira dzanja. Anadumpha yekha, monga momwe anaphunzitsidwira.

Pa mipikisano yotere anthu akamaliza kumenya amagwirana chanza. Telala anaika kontirola pampando n'kutuluka osagwira cha aliyense.

Mphezi anamupeza pa depoti, ataima ndi mkulu wake. Anabwera akuthamanga, tisheti yatsopano ili pamwamba pa malaya. Mkulu wake anasendera pambali pang'ono, koma osati patali poti asamve.

"Switi, tadikira. Wathawiranji?"

Telala anapitiriza kuyang'ana kumene basi imachokera.

"Chabwino, ndinalakwa. Poyamba ndinkakuopa, ndikuvomera. Malo amenewa ndinkawafuna kwambiri, sindingamete tsitsi mpaka kukalamba. Koma kenako ndinakukonda, wapamtima, ndinakukonda zenizeni. Mauthenga onse aja sanali abodza."

"Utandikonda, bwanji sunandiuze kuti ndibwerere kwa Chimphona? Nthawi inalipo."

"Ukanandimenya."

"Eya, ndikanakumenya."

"Koma taona, zatha bwino. Ndinati chikho chilowa m'nyumba imodzi, ndipo chilowadi." Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kabokosi. Mphete inalimo, yeniyeni, yonyezimira. "Ndinabwera nayo. Waona? Sindinaname. Ndilole ndikuveke, mfumukazi yanga."

Chimenechi ndiye chinamupweteka Telala kuposa zonse, chifukwa mpheteyo inali yokongola ndipo iye ankaifuna. Anali atailota kambirimbiri akupalasa mashini. Maso a mnyamatayo anali onyowa, ndipo mwina sankanama. Anthu odikira basi anayamba kusonkhana, mayi wina akunong'oneza kuti, "Lola, mwana iwe."

"Ndikufunse chinthu chimodzi," anatero Telala. "Ukanaluza lero, kabokosi aka kakanatuluka m'thumbamo?"

Mphezi anadabwa ndi funsolo, ngati ndi la mwana.

"Koma sindinaluze, switi."

Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zoona. Simunaluze."

Anatseka kabokosi kaja kali m'dzanja la mwini wake. Kenako anatambasula dzanja lake lamanja, ndipo Mphezi, posadziwa chochita, analigwira.

"Mwamenya bwino, achimwene. Muyende bwino ndi timu."

Basi inafika. Inali yodzaza, koma Telala anakwera, mkulu wake akumukankha kumbuyo. Anapeza malo pa mpando wakumapeto, atapanikizana ndi katundu wa anthu. Foni inayamba kunjenjemera m'chikwama, inanjenjemeranso, ndipo mkulu wake anaitulutsa n'kuithimitsa osafunsa.

Anadutsa sitolo yaikulu, anadutsa kometera pa kona, anadutsa shopu ya mafoni. Pamenepo m'pamene Telala anayamba kulira, kulira kosabisa, mapewa akugwedezeka. Mkulu wake anamukokera pachifuwa, osasamala za diresi lake lotchena lija.

"Lira, mwana wa mayi anga," anatero. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi, "Koma ukulira chiyani kwenikweni, mpikisano kapena mwamuna?"

Telala anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Zonse, achemwali. Kungoti mpikisano ubweranso chaka cha mawa."